Chimfine chingaphe khanda? Nanga akanapima thupi zikanadziwika?

Funso: Adokotala, mwana wa mng'ono wanga anamwalira mwezi watha ali ndi masabata 7. Anangoyamba ndi chimfine, mamina ndi kachifuwa, anapita naye kuchipatala chaching'ono nkupatsidwa mankhwala kubwerera kunyumba. Tsiku lachinayi anachepetsa kuyamwa, kukucha mmawa tinapeza wapita. Akuchimuna akuti mayi ake anamugonera, ena akuti ndi tsempho. Akuchipatala anatchula zopima thupi koma akuluakulu anakana kuti mwana asang'ambidwe. Kodi chimfine chingaphe mwana? Akanapima zikanadziwika?

Yankho: Pepani achemwali, pepani kwambiri, ndipo mukapepese mng'ono wanuyo. Eya, chomwe chimayamba ngati chimfine wamba chimapha makanda, ndipo chimapha ndendende mmene mwafotokozeramu, mwana wosakwana miyezi 3, mamina masiku awiri atatu, kenako kuyamwa kuchepa, usiku wina basi. Popanda kupima palibe angalumbire kuti chinatenga mwanayu ndi chakuti, kaya ndi dokotala kaya ndi apongozi, koma nkhani yanuyi ikufanana kwambiri ndi matenda omwe amadzaza wodi ya ana chaka ndi chaka kusiyana ndi zogonera mwana zomwe zikunenedwazo.

Kachirombo komwe kamabwera koyamba mmutu mwanga ndikamva nkhani yotere ndi RSV. Si kachilendo ayi, anakapeza mu 1956 mwa anyani a chimpanzee omwe ankadwala chimfine ku America, chaka chotsatira dokotala wina dzina lake Robert Chanock anakapezanso mwa ana odwala chifuwa ku Baltimore. Pafupifupi mwana aliyense amakhala atakumana nako asanakwane zaka 2, inu ndi ine takhala tikudwala nako kambirimbiri osadziwa nkomwe chifukwa kwa munthu wamkulu ndi kuyetsemula ndi mamina sabata imodzi kwatha. Nde mwana wa sitandade 1 wabwera nako kuchokera kusukulu wafikira kupsopsona kamng'ono kake, kapena alendo odzaona mwana aja aliyense kufuna kunyamulako, pakatha masiku 4 mpaka 6 khanda layamba mamina. Kuno kwathu kamakonda kuchuluka miyezi yoyambirira ya chaka. Si kokha, palinso fuluwenza, adenovirus, parainfluenza ndi kena kotchedwa hMPV komwe kanadziwika mu 2001 ku Netherlands, koma kafukufuku wamkulu wa chibayo cha ana wotchedwa PERCH, yemwe anachitika m'mayiko 7 kuphatikizapo Zambia ndi South Africa nkutuluka mu 2019, anapeza kuti mwa ana opanda HIV ogonekedwa ndi chibayo chachikulu, pafupifupi 6 pa 10 aliwonse gwero linali mavayirasi osati mabakiteriya, ndipo RSV payokha inali 3 pa 10.

Chomwe kamavutira khanda ndi kuchepa kwa tinjira ta mpweya. Mpweya ukadutsa pakhosi umatsika m'tinjira tomwe timanka tichepa mpaka kumathero mkati mwenimweni mwa mapapo, ndipo mwa mwana wa masabata 7 takumatheroto ndi tating'ono kuposa chibowo cha kaphesi ka udzu. Kachirombo kakatsika kuchoka mmphuno kamapha kakhungu kamkati ka tinjirato, kakhungu kakufako kamasupuka nkusakanikirana ndi makhololo, makoma atupa, njira yatsekeka. Pena mpweya umalowa nkulephera kutuluka, pena chigawo china cha phapo chimangophwa. Mwana amayamba kupuma mothamanga, ka 60, ka 70 pa minitsi, pansi pa nthiti kumalowa mkati, mutu kumagwedera akamapuma. Komanso khanda limadalira kwambiri mphuno popuma, nde mphuno yatseka befu wachuluka, sangathe kuyamwa ndi kupuma nthawi imodzi, amagwira bere nkulisiya, kugwira nkulisiya. Mwanena kuti tsiku lomalizalo anachepetsa kuyamwa, kwa ine mawu amenewo ndi olemera kuposa zonse mwalemba. Matendawa amafika pachimake tsiku lachitatu mpaka lachisanu, nchifukwa chake mwana atha kuonedwa kuchipatala tsiku loyamba kapena lachiwiri akuyamwa bwinobwino thupi losatentha, nkubwezedwa kunyumba moyenera ndithu, zinthu nkudzatembenuka mkuja wake usiku. Pomwe ndimadandaula ine ndi pomwe mayi wabwezedwa osauzidwa momveka zizindikiro zoti akaziona abwerenso olo pakati pa usiku.

Palinso china kwa ana osakwana miyezi 2, makamaka obadwa masiku asanakwane, chomwe ndi kungosiya kupuma. Amaima masekondi 20 kapena kupitirira, milomo kuda, kenako nkuyambiranso, ndipo nthawi zina sayambiranso. Sipakhala kulira kapena kuphupha. Mayi yemwe wagona pambali pake atatopa ndi kuchezera masiku atatu sangamve kanthu.

Za mankhwala, amoxicillin kaya jakisoni wanji sapha vayirasi, amaperekedwa poopa kuti mabakiteriya alowererapo, zomwe zimachitikadi. Chomwe chimapulumutsa mwana wa RSV ndi okosijeni, kuchotsa mamina, kumudyetsa mkaka wammawere kudzera m'kachubu ka mmphuno kuti asatope ndi kuyamwa, ndipo akafooka kwambiri makina othandiza kupuma a CPAP ngati Pumani uja anayambira ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Thupi limagonjetsa kachirombo lokha bola mwana athandizidwe kudutsa masiku ovutawo.

Musaone ngati zagwera banja lanu lokha. Akatswiri anawerengera kuti mu 2019 RSV inapha ana osakwana zaka 5 okwana 101,400 padziko lonse, pafupifupi theka anali osakwana miyezi 6, ndipo oposa 97 pa 100 anali a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Omwe anamwalirira m'chipatala anali cha m'ma 26,000 okha, ena onsewo kunyumba kapena panjira. Nanga za ana omwalirira kunyumba zimadziwika bwanji poti salembedwa paliponse? Zimadziwika chifukwa cha kupima omwalira, ndipo chitsanzo chabwino chili pafupi pompa ku Lusaka. Kuyambira 2017 mpaka 2020 ofufuza a ku Zambia pamodzi ndi a ku Boston University ankakhala makamaka pa mochale ya University Teaching Hospital, makolo akavomera ankalowetsa kathonje mmphuno mwa khanda lomwalira lisanakwane miyezi 6 nkukapima ndi PCR, njira ya ku labu yopezera tizirombo. Anapima makanda 2,286. RSV inapezeka mwa 7 pa 100 aliwonse, ndipo pafupifupi 2 pa imfa 3 zilizonse za RSV zinachitikira kunja kwa chipatala, ana ofika atamwalira kale. Ana amenewa akanapanda kupimidwa bwenzi kumudzi kwawo akunenedwa zomwe zikunenedwa kwanuzo.

Tsopano funso lanu lachiwiri lomwe ndi lovutirapo. Kupima thupi kuli mitundu ingapo ndipo anthu akamva amangoganiza za kung'amba. Kupima kwathunthu ndi komwe dokotala wa matupi amatsegula chifuwa, mimba ndi mutu, kuyeza kulemera kwa ziwalo, kuona mtima ngati unabadwa ndi chibowo kapena mitsempha yosokonekera, kenako kudula timagawo tating'ono ta mapapo, mtima, chiwindi ndi ubongo, ziwalo nkubwezera nkusoka. Kwa khanda lomwalira mwadzidzidzi kumeneku ndi komwe kumayankha mafunso ambiri, chifukwa matenda a mtima obadwa nawo amatha kuoneka ngati chifuwa ndipo kathonje ka mmphuno sikangawaone.

Ntchito yeniyeni imachitikira ku labu. Timagawo tija amativiika mu formalin, mankhwala oteteza kuti tisawole, kutiumitsa mu phula, kutidula mopyapyala kwambiri mpaka kuwala kumadutsa, kutipaka utoto nkuika pa maikulosikopu. Phapo la mwana wophedwa ndi RSV limaoneka lokha, tinjira tating'ono tija timakhala totsekeka ndi maselo akufa ndi makhololo, mmakoma mwake mwaunjikana maselo oteteza thupi, pena nkuona maselo angapo ataphatikana kukhala chiselo chimodzi chachikulu. Pali utoto wina wapadera womwe umagwira kachirombo kenikeniko mkati mwa selo, ukagwira pamalo owonongekawo umboni wakwana. Chibayo cha mabakiteriya chimaoneka mosiyana, timatumba ta mpweya timadzaza mafinya. Kawirikawiri zimapezeka zonse ziwiri, vayirasi inatsegula njira bakiteriya nkudzamaliza.

Apa mumvetse bwino chifukwa ndi pomwe ngakhale ife achipatala timatsetsereka. Kupeza kachirombo mmphuno mwa mwana womwalira sikutanthauza kuti ndi komwe kamupha. PCR ndi yakuthwa kwambiri, imatola ndi zotsalira za chimfine chomwe chinatha masabata apitawo, ndipo tizirombo tina ngati rhinovirus timapezeka mmphuno mwa ana ambiri abwinobwino omwe akusewera panja. RSV imasiyanako pang'ono, sikawirikawiri kuipeza mwa mwana wosadwala, nde ikapezeka imakhala ndi mlandu woyankha, komabe ku Lusaka kuja atasefa bwino poyerekeza ndi nkhani ya matenda a mwana aliyense, omwe anatsimikiza kuti RSV ndi yomwe inawapha anali ochepera pa omwe inapezeka, pafupifupi 3 pa imfa 100 zonse ndi pafupifupi 5 pa 100 za kunyumba. Chigamulo chabwino chimafuna zitatu zigwirizane, nkhani ya mmene mwana anadwalira, kachirombo kupezeka, ndi mapapo kuonetsa kuwonongeka kofanana ndi kachiromboko. Nthawi nayo ndi nkhani, munthu akamwalira mabakiteriya a m'matumbo amayamba kufalikira ndipo kakhungu ka tinjira ta mpweya kamayamba kusupuka kokha, nde pakutentha kwathu kuno thupi likakhalitsa kunja kwa firiji zotsatira zimasokonekera. Bola lipimidwe pasanathe maola 24, kapena lisungidwe mochale mozizira.

Nanga kugonera kukanaoneka? Apa ndinene chilungamo olo sichikoma. Khanda likabanika ndi bulangete kapena thupi la munthu wamkulu nthawi zambiri sipatsala chizindikiro chodalirika, timadontho ta magazi pa mapapo ndi pa mtima tomwe anthu amatchula timapezekanso mwa ana omwalira mwadzidzidzi osagonedwa ndi aliyense. Choncho kupima sikumatha kunena motsimikiza kuti anagonedwa kapena sanagonedwe. Chomwe kumatha ndi kupeza matenda ena okwanira kupha mwana paokha, ndipo akapezeka nkhani yogonera imagwa yokha. Palinso ana ena omwe ngakhale atapimidwa zonse chifukwa sichipezeka, amenewo amalembedwa kuti imfa yadzidzidzi yosadziwika chifukwa. Kugonera kumachitika, sindikukana, makamaka wamkulu akaledzera kapena akagona ndi mwana pa sofa, koma munthu yemwe akunena motsimikiza kuti zinatero kwa mwana yemwe anali kale pa tsiku lachinayi la matenda apachifuwa ndipo atachepetsa kuyamwa, akunena chinthu chomwe ngakhale dokotala wa matupi ndi maikulosikopu yake sangayerekeze kunena.

Ndipo si akumudzi okha omwe amaphonya, madokotalanso. Ku Queen Elizabeth, gulu la dokotala wofufuza Terrie Taylor linapima matupi a ana 31 omwe onse anamwalira madokotala akukhulupirira kuti ndi malungo aakulu a muubongo, zotsatira zinatuluka mu 2004 ndipo 7 mwa iwo anapezeka kuti anafa ndi matenda ena. Ku Lusaka Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzake anapima mapapo a ana 264 omwalira ndi matenda apachifuwa, zomwe zinatuluka mu 2002, anapeza chibayo cha mabakiteriya, TB, ndi chibayo cha PCP chomwe chinkapha kwambiri makanda a HIV, ana ambiri ali ndi matenda awiri kapena atatu nthawi imodzi. Zoti mwana wobadwa kwa mayi wa HIV azimwa Bactrim zinalimbikitsidwa ndi umboni ngati umenewu. Pa kafukufuku wa ku Lusaka ameneyu mabanja pafupifupi 3 pa 4 aliwonse anakana kupimitsa, nde akuluakulu akwanu sanachite zachilendo, munthu uli pachisoni, galimoto yonyamula maliro ikudikira, ndani angafune kumva za mipeni pa thupi la kamwana.

Chifukwa cha kukana kumeneku kunabwera njira ina yotchedwa MITS, yomwe ndikanakonda anthu ambiri akanaidziwa. Sang'amba. Amagwiritsa ntchito singano zapadera zomwe zimatola kanyama kochepa kwambiri kuchokera mmapapo onse awiri, chiwindi ndi ubongo, kutengako magazi, madzi a pamsana ndi kathonje ka mmphuno kaja. Pathupi pamangotsala timabowo ta singano, thupi limasambitsidwa nkuperekedwa tsiku lomwelo, ngakhale abale athu achisilamu omwe amaika maliro mwachangu zimatheka. Njirayi inayesedwa kwambiri ku Maputo ku Mozambique poiyerekeza ndi kupima kwathunthu, ndipo pano ndi yomwe bungwe lofufuza imfa za ana la CHAMPS limagwiritsa ntchito m'madera ena a Mozambique, South Africa, Kenya, Mali, Ethiopia, Sierra Leone ndi Bangladesh, komwe gulu la akatswiri limakhala pansi nkukambirana imfa ya mwana aliyense payekha. Chomwe apeza mobwerezabwereza ndi chakuti mwana safa ndi chinthu chimodzi, pamakhala mndandanda, mwina kunyentchera, kenako vayirasi, kenako bakiteriya ngati Klebsiella. Kufooka kwa MITS ndi kwakuti singano itha kuphonya pamalo odwalawo, komanso siona mmene mtima unapangikira. Ku Malawi yayesedwapo pa kafukufuku ku Blantyre. Pa tsiku wamba madokotala a matupi ndi ochepa kwambiri ndipo amapezeka mzipatala zazikulu, PCR ya mavayirasi apachifuwa nayo imapezeka makamaka mmalabu akafukufuku, nde kupima kwa pachipatala chaching'ono cha boma kongoona ndi maso kukanatha kuona chibayo chachikulu kapena vuto la mtima koma osatchula dzina la kachirombo.

Poti mwana anaikidwa mwezi watha, zofukula musaganizeko, mapapo amawonongeka msanga sizingathandize pa funso ili. Chomwe chikadali chotheka ndi ichi, mng'ono wanuyo ndi amuna ake, ndipo ngati nkotheka ndi mmodzi wa akuchimuna omwe akulankhulawo, atenge buku la kuchipatala la mwana ndi la sikelo ya mayi apite akakhale pansi ndi dokotala wa ana kapena akiliniko odziwa za ana, afotokoze tsiku ndi tsiku. Anabadwa masiku atakwana? Ankalemera bwanji? Mnyumba munali wina wodwala chimfine? Ankapuma bwanji, ankabuula, ankatuluka thukuta poyamwa, anadako milomo, ankakhosomola motsatizana mpaka kusanza? Chomalizachi chimatiganizitsa za chifuwa chokoka mtima chomwe chimaphanso makanda osamaliza katemera. Mayi anayezetsa HIV liti komaliza? Mbanjamo munamwalirapo khanda lina mwadzidzidzi? Njira yofunsa chonchi imagwiritsidwa ntchito padziko lonse pomwe thupi silinapimidwe, siitchula dzina la kachirombo koma imatha kunena kuti apa zikuloza ku matenda apachifuwa. Za tsempho sindilimbana ndi akuluakulu pano, ndingopempha kuti asanagamule amve kaye dokotala akufotokoza ndi pakamwa pake, chifukwa mayi yemwe wataya mwana nkumalozedwanso chala amatha kudwala maganizo kwambiri. Mukamuona sakudya, sakugona, kapena akulankhula zofuna kutsatira mwana, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mulungu akadzapatsanso mwana wina, aphunzire kuwerenga mpweya. Mwana ali phee osalira, muvule malaya, yang'anani pamimba nkuwerenga minitsi yathunthu pa wotchi ya foni. Wosakwana miyezi 2 akafika 60, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, ndi wa kuchipatala. Pansi pa nthiti kulowa mkati, kubuula popuma, kuyamwa theka la mmene amayamwira, kuima kupuma olo kamodzi, milomo kuda, kufooka osadzuka, thupi kutentha kapena kuzizira mwa mwana wosakwana miyezi 2, zimenezi sizidikira kuche, pezani kabaza kaya galimoto ya aneba usiku womwewo, ndipo mukafika pemphani amuike kachipangizo koyeza okosijeni kuphazi, ikatsika pansi pa 90 mwana amafunika okosijeni. Olo munapitako dzulo nkubwezedwa, pitaninso, musaope kukalipiridwa. Kunyumba agone chagada, bulangete lisafike kumaso, utsi wa mbaula ndi fodya kutali, odwala chimfine asapsopsone mwana ndipo onyamula asambe mmanja kaye olo akhumudwe.

Katemera wa RSV anachedwa kwambiri chifukwa woyamba yemwe anayesedwa ku America m'ma 1960 anakulitsa matenda mmalo moteteza mpaka ana awiri anamwalira, ofufuza anayenda mosamala zaka zambiri. Pano alipo. Wa amayi oyembekezera wotchedwa Abrysvo anavomerezedwa ku America mu 2023, mayi amabayidwa kamodzi chitetezo nkudutsa kupita kwa mwana asanabadwe, ndipo palinso jakisoni wa nirsevimab wobaya khanda lenilenilo yemwe amateteza miyezi pafupifupi 5. Mu 2025 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mayiko onse kuti ayambe kugwiritsa ntchito imodzi mwa njira ziwirizi, wa amayiyo kuyambira masabata 28 a mimba. Mng'ono wanuyo akadzayamba sikelo ya mimba ina afunse anesi ngati wafika pachipatala chawo, ndipo awauze zomwe zinachitikira mwana woyambayu kuti zilembedwe m'buku.